Mkaidi wa ku Sandakan ndi Asilikali Athu Osalembedwa Maina

Pa 2 Malichi 1944, mumzinda wa Kuching pachilumba cha Borneo, asilikali a Japan anawombera amuna asanu ndi anayi. Mmodzi anali mzungu wa ku Australia, Kaputeni Lionel Matthews, wa zaka 31, yemwe anakana kumangidwa nsalu kumaso. Asanu ndi atatu enawo anali anthu a komweko, ena apolisi, ena anthu wamba. Mlandu wawo unali umodzi: ankalowetsa mankhwala, ndalama ndi mauthenga mumsasa wa akaidi a nkhondo, ndipo anathandiza akaidi ena kuthawa.

Chaka chomwecho anyamata a ku Nyasaland anali pa ulendo wa ku Burma kukamenyana ndi mdani yemweyo. Kuno kumapiri a Dedza alipo mabanja amene mpaka lero amati "agogo anapita ku Burma", koma mukafunsa gulu lawo, chaka chimene anapita kapena kumene anzawo anagona, nkhani imathera pomwepo. Mbiri ya Matthews inalembedwa mwatsatanetsatane kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Ndi yoyenera kuimva pa iyo yokha, chifukwa munthuyu anali wolimba mtima zedi. Koma ikutithandizanso kuona kukula kwa zimene ife tinataya.

Lionel Colin Matthews anabadwa pa 15 Ogasiti 1912 ku Stepney, dera la mumzinda wa Adelaide. Bambo ake anali okonza mipope ya madzi. Iye atamaliza sukulu anayamba ntchito yogulitsa katundu m'sitolo, ndipo nthawi yopuma ankatsogolera anyamata a Scout ndi kuphunzira ntchito yotumiza mauthenga m'gulu la asilikali a pamadzi ongodzipereka. Anakwatira mu 1935, nasamukira ku Melbourne, komwe ankapita kukathandiza akaidi a m'ndende ya Pentridge. Palibe chachilendo m'moyo umenewu. Anali munthu wa malipiro a pamwezi, wa mkazi ndi mwana mmodzi. Nkhondo itayamba analowa m'gulu loona za mauthenga la 8th Division, ndipo mu Febuluwale 1941 anafika ku Singapore. Anzake ankamutchula kuti "The Duke" chifukwa cha ndevu zake zapamlomo ndi maonekedwe ake aulemu.

Ntchito yake inali ya mawaya a lamya. Pankhondo ya masiku amenewo, waya ukaduka ndiye kuti oponya mizinga sakumvanso kumene anzawo ali, ndipo akhoza kuphulitsa anthu awo omwe. Asilikali a Japan atatsika ndi dziko la Malaya mu Januwale 1942, Matthews ankalumikiza mawaya oduka ku Gemas mabomba akugwa, ndipo ku Singapore anayala waya kudutsa malo amene adani ankalondera. Pa ntchito imeneyi anapatsidwa mendulo ya Military Cross. Koma mzindawo unagwa pa 15 Febuluwale 1942, ndipo asilikali a Australia pafupifupi 15,000 anagwidwa tsiku limodzi. Pankhondo yonse Japan inagwira a ku Australia oposa 22,000, ndipo pafupifupi 8,000 anafera m'manja mwake, kutanthauza mmodzi mwa atatu alionse.

Atakhala miyezi ingapo kundende ya Changi, mu Julayi 1942 Matthews anaikidwa m'gulu la akaidi pafupifupi 1,500 lotchedwa B Force. Anawapanikiza pansi pa sitima yonyamula katundu kupita nawo ku Sandakan, kumpoto chakum'mawa kwa Borneo, kukamanga bwalo la ndege ndi makasu ndi madengu. Mkulu wa msasawo anali Kaputeni Hoshijima Susumu. Dziko la Japan silinavomereze pangano la ku Geneva la 1929 lonena za kasamalidwe ka akaidi a nkhondo, ndipo asilikali ake anaphunzitsidwa kuti kugwidwa wamoyo ndi manyazi aakulu. Chakudya chinali mpunga wochepa. Malungo, kamwazi, zilonda zam'miyendo zosapola ndi matenda otupa thupi chifukwa cha kusowa zakudya zinayamba kugwetsa anthu. Wolakwa ankatsekeredwa m'chikwere cha matabwa chosatheka kuimiriramo, masiku ambiri, dzuwa ndi mvula zikumupeza momwemo.

Apa ndi pamene khalidwe la Matthews linaonekera. Potuluka ndi timagulu ta akaidi ogwira ntchito kunja kwa mpanda, anadziwana ndi apolisi a komweko amene kale ankagwira ntchito pansi pa Angerezi ndipo tsopano ankalamulidwa ndi Japan. Kudzera mwa iwo analumikizana ndi Dr James Taylor, dokotala wa ku Australia amene analoledwa kupitiriza ntchito pachipatala cha Sandakan, komanso ndi azungu wamba otsekeredwa pachilumba cha Berhala. Mankhwala anayamba kulowa mumsasa mobisa. Zipangizo zinalowanso chimodzichimodzi mpaka akaidi anapanga wayilesi yomvera nkhani za nkhondo. Mapu anajambulidwa, mfuti zochepa zinabisidwa, ndipo uthenga unafika kwa zigawenga za ku Philippines zimene zinkalimbana ndi Japan. Kumayambiriro kwa 1943 Matthews anali akulamula mwachinsinsi apolisi a North Borneo ali mkaidi m'kati mwa mpanda. Mu Juni chaka chomwecho akaidi asanu ndi atatu a ku Australia anathawa ku Berhala nakafika ku Tawi-Tawi ku Philippines. Iye mwini mpata wothawa anali nawo, koma anasankha kutsala ndi odwala.

Mu Julayi 1943 chinsinsi chinaululika. Apolisi achinsinsi a Japan, a Kempeitai, anagwira anthu ambiri, akaidi ndi a m'mudzi omwe. Matthews anamenyedwa, anazunzidwa ndi kumanidwa chakudya kwa miyezi, koma sanatchule dzina la munthu. Amene anapulumuka anasimba kuti ali chikhalire m'chipinda choletsedwa kulankhula, ankagogoda ndi chala zizindikiro za Morse kuwauza anzake zimene wanena ndi zimene sananene, kuti mawu awo asasiyane. Luso lomwe analiphunzira ali mnyamata ku Adelaide linagwira ntchito yake yomaliza pamenepo. Kenako anawatengera ku Kuching, kumene khoti la asilikali linagamula kuti aphedwe.

Maina a anzake asanu ndi atatu aja ndi awa: Jemadar Ojagar Singh, Sajeni Abin, Ernesto Lagan, Alexander Funk, Heng Joo Ming, Wong Mu Sing, Felix Azcona ndi Matusup bin Gungau. Ndawalemba onse mwadala. Matthews anali msilikali, analumbira, ndipo boma la kwawo linali ndi dzina lake m'kaundula. Anthu awa anali ndi akazi ndi ana pafupi pomwepo, m'manja mwa mdani, ndipo akanatha kungoweramitsa mutu n'kudikira kuti nkhondo ithe. Botolo lililonse la mankhwala limene linafika kwa mkaidi wodwala linadutsa m'manja mwawo. Popanda iwo Matthews sakanachita kanthu. Asanu ndi atatuwo anaikidwa m'manda amodzi ku Kuching, amene lero amatchedwa manda a ngwazi. Mafupa a Matthews anasamutsidwira kumanda a asilikali pachilumba cha Labuan, ndipo mu 1947 analemekezedwa ndi George Cross, mendulo imene mwana wake wamwamuna anailandira m'malo mwake.

Zimene zinatsatira ku Sandakan n'zovuta kuzisimba. Mu 1945, poona kuti nkhondo ikuwaipira, a Japan anayendetsa akaidi pansi kupita ku Ranau, mtunda wa makilomita pafupifupi 260 m'nkhalango ndi m'mapiri, kuposa kuchoka pa boma la Dedza kukafika ku Blantyre. Anthuwo anali mafupa okhaokha, ambiri opanda nsapato, atasenza mpunga ndi katundu wa owalondera. Wolephera kuyenda ankaphedwa panjira. Otsala mumsasa anafa ndi njala ndi matenda. Akaidi oposa 2,400 a ku Australia ndi Britain anatha, ena kuphedwa Japan itagonja kale. Anapulumuka asanu ndi mmodzi okha, onse a ku Australia, onse othawa, ndipo onse anabisidwa ndi kudyetsedwa ndi anthu a m'midzi ya Borneo. Hoshijima anapachikidwa ku Rabaul mu 1946.

Wina angafunse kuti Australia ndi ife tinakumana kuti. Tinakumana pankhondo yomweyo, pafupifupi zaka zinayi Matthews asanaphedwe, pamapiri ouma a Tug Argan ku British Somaliland. Mu Ogasiti 1940 gulu lalikulu la Italy, lomwe asilikali ake ambiri analinso Aafrika, linalowa m'dzikomo kulunjika kudoko la Berbera. Mwa owatchingira njira munali 2nd Battalion ya King's African Rifles (KAR), ya ku Nyasaland, ndi 1st Battalion ya Northern Rhodesia Regiment, magulu awiri amene chilankhulo chawo cha ntchito chinali Chinyanja. Mizinga inali yochepa kwambiri, moti sitima yankhondo ya Australia, HMAS Hobart, inatsitsa kamzinga kake kakang'ono pamodzi ndi amuna atatu odzipereka: Hugh Jones, William Hurren ndi Hugh Sweeney. Nkhondo inayaka kuyambira pa 11 mpaka 15 Ogasiti. Mapiri anagwa limodzilimodzi, otsala anabwerera ku Berbera nakwera sitima, ndipo atatu aja anagwidwa. Amawerengedwa kuti ndi oyamba a gulu lankhondo la Australia kugwidwa pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anapezeka amoyo mu Epulo 1941 mumsasa wa Adi Ugri ku Eritrea.

Mumsasa womwewo munali Kaputeni Eric Wilson, Mngerezi amene anagwirapo ntchito ndi asilikali a ku Nyasaland naphunzira Chinyanja. Iye anakakamira paphiri la Observation Hill ndi ziwaya zake ali wovulala komanso akudwala malungo, sajeni wake wa Chisomali, Omar Kujoog, ataphedwa pambali pake. Akuluakulu anayesa kuti wafa, namupatsa Victoria Cross monga malemu, kenako n'kumva kuti ali moyo. Malipoti a Britain amati pankhondo ya ku Somaliland anthu 38 anaphedwa, 102 anavulala ndipo 120 anasowa. Azungu anayi aja mbiri yawo imapezeka m'mabuku ambiri, ndi maina, ndi zithunzi. Asilikali akuda amene anagwira mapiri omwewo, nafa kapena kugwidwa tsiku lomwelo, m'mabuku ambiri amangopezeka m'kati mwa manambalawo. Ena mwa iwo ankalankhula chilankhulo chimene mukuwerengachi.

Chizolowezi chosawerengera munthu wakuda chinayamba kale. Pankhondo yoyamba, imene makolo athu anaitcha ya Chiwaya, Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Amtengatenga ankatengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a kwa DC, ndipo ankafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala m'njira za ku Tanganyika ndi Mozambique. Inkosi Chimtunga ya ku Mzimba inachotsedwa pampando mu 1915 chifukwa chokana kupereka anthu ake. John Chilembwe, nkhondo itangoyamba mu 1914, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafrika akufera nkhondo yosawakhudza, ndipo amasiye awo adzasiyidwa opanda kanthu. Mphunzitsi wake, Joseph Booth, anafika kuno mu 1892 kuchokera ku Melbourne, mzinda womwe Matthews anadzakhalako asanapite kunkhondo.

Pankhondo yachiwiri, ya Hitler, amuna a ku Nyasaland oposa 25,000 anavala yunifomu. Anamenya ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Madagascar, ndipo mu 1943 ambiri anawoloka nyanja kupita ku Ceylon kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu Ogasiti 1944, miyezi isanu Matthews ataphedwa, 11th East African Division inalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ya monsoon ili pachimake, nyengo imene magulu ankhondo kumeneko ankayamba apuma. M'gululi munali mabataliyoni a ku Nyasaland monga 2nd ndi 22nd KAR, komanso a Northern Rhodesia Regiment, ndipo Wilson uja analinso komweko. Chigwacho chinkatchedwa cha imfa chifukwa cha malungo ndi matenda a typhus. Misewu inasanduka phala la matope, chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege, ndipo ovulala ankanyamulidwa pamachira. Kumayambiriro kwa Disembala anafika ku Kalewa pamtsinje wa Chindwin, natsegulira njira gulu lankhondo la General William Slim kulowa pakati pa Burma.

Taganizani za mnyamata wa kwa Kaphuka, kwa Kasumbu kapena ku Bembeke, wokulira pamtunda wa mamita 1,600 kumene chisanu cha Juni chimang'amba milomo ndipo udzudzu ndi wochepa kusiyana ndi kunyanja, ataimikidwa m'dambo lotentha lodzaza misundu, kumenyana ndi anthu amene sanawalakwire ndipo iwonso sanamulakwire. Ena analowa usilikali chifukwa cha msonkho, ena chifukwa a mfumu anawaloza, ena pofuna malipiro ndi kuona dziko m'malo mopita kumigodi ya ku Joni kapena kumafamu a ku Southern Rhodesia. Zifukwa zawo sizichepetsa zimene anachita. Atabwerako analandira ndalama yothokoza yowerengedwa potsata khungu: msilikali wamba wachizungu ankapatsidwa mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda mashiling'i atatu ndi theka. Zikalata zosonyeza zimenezi zinaululidwa poyera mu 2019.

Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, amene anafa pankhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi maina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Ambiri anali a kum'mawa kwa Africa ndi Egypt. Lipotilo linanena mosabisa kuti gwero lake linali tsankho, ndipo nduna ya zachitetezo ya Britain, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesako kunali koyenera, ngakhale kunabwera patatha zaka zoposa 100, onse amene akanatha kuloza manda atapita.

Ku Canberra kuli nyumba ya chikumbutso ya Australian War Memorial, yomwe pamakoma ake pali maina oposa 102,000. Kuyambira 2013, madzulo alionse asanatseke zitseko, amasankha dzina limodzi n'kuwerenga mbiri ya munthuyo pamaso pa alendo ndi achibale: kumene anabadwira, ntchito imene ankagwira, amene anawasiya, mmene anafera. Mamendulo a Matthews amasungidwa komweko. Chimene ndimasirira pamwambowu ndi khama lake. Wina anakhala pansi, nafunsa achibale, nasanthula makalata, nalemba. Kwathu kuno tili ndi nsanja ya KAR ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, tili ndi ina ku Area 18 ku Lilongwe, ndipo Novembala aliyense akuluakulu amaika nkhata za maluwa. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma ndi wa gulu. Mwana wa sukulu ku Dedza angathe kumaliza Fomu 4 akudziwa za Hitler ndi Mussolini koma osamvapo za Tug Argan kapena Kabaw, osadziwanso kuti m'mudzi mwake momwe munachoka anthu amene anakafika kumeneko.

Mlandu wa atsamunda ulipo ndipo ndi waukulu, koma zaka zoposa 60 za ufulu ndi zathu. Melvin Page, wolemba buku la The Chiwaya War, anatha kulemba za nkhondo yoyamba chifukwa m'zaka za m'ma 1970 iye ndi ophunzira a Chancellor College anayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zimene zinaiona. Mwayi wotero wa nkhondo yachiwiri watsala pang'ono kutheratu, pakuti mnyamata amene anali ndi zaka 18 mu 1944 lero ali pafupi zaka 100. Otsala ndi ana awo, amene nawonso ndi agogo. Iwo ndi amene anamva bambo akubwebweta usiku, amene amakumbukira mawu a Chiswahili ndi Chihindi amene ankatuluka akakwiya, amene amadziwa kuti amalume uje anapita limodzi ndi bambo koma sanabwerere. M'midzi ya Achewa, kumene mbumba imasungidwa ndi akuchikazi, kawirikawiri ndi azakhali ndi agogo aakazi amene amasunga maina a alongo awo.

Ntchitoyi ili ndi poyambira. Mamendulo a nkhondo yoyamba anadindidwa m'mphepete nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake, choncho mendulo yakale imene ili m'sutikesi ndi chikalata pa iyo yokha. A nkhondo yachiwiri ambiri alibe dzina, koma kabuku kotulukira usilikali kali ndi nambala ndi bataliyoni. Ndi dzina kapena nambalayo munthu angafufuze kwaulere m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission pa intaneti. Asilikali a kuno amene anafera ku Burma ena ali m'manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon, pamene pali chipilala cha maina pafupifupi 27,000 a anthu amene manda awo sanapezeke, ndipo ena amene anafera kum'mawa kwa Africa analembedwa pachipilala cha East Africa Memorial ku Nairobi. Pofufuza pamafunika kuleza mtima, chifukwa makalaliki a usilikali ankalemba maina athu mmene anawamvera, ndipo nthawi zambiri ankalemba dzina la munthu ndi la bambo ake, mfunda osaulemba. Ku National Archives ku Zomba kuli zikalata za maboma za nthawi ya atsamunda, ndipo ma parishi akale monga Mua ndi Bembeke ali ndi mabuku a ubatizo ndi maukwati a zaka zimenezo. Aphunzitsi a mbiri m'masekondale a Dedza, mafumu a kwa Kachere, Kamenyagwaza, Tambala ndi Kachindamoto, pamodzi ndi bungwe la asilikali opuma, angathe kugawana midzi n'kuyamba kulemba, nyumba ndi nyumba, amene anapita, gulu lawo, amene anabwerako ndi amene anatsala komweko.